Phunziro la mbiri: Momwe udindo wa Earl of Oxford unathera

Kale ku England mfumu inkapatsa anthu ake odalirika udindo wa Earl, ndipo udindowo unkayenda m'magazi. Lero tione za Earl of Oxford, udindo umene banja la de Vere linausunga kwa zaka 562.

Unayamba mu 1141, pamene Mfumu Stephen ndi msuweni wake Matilda ankalimbirana ufumu. Pofuna omuchirikiza pa nkhondoyo, Matilda anapereka udindowu kwa Aubrey de Vere, mwini nyumba ya malinga ya Hedingham ku Essex. Banjali linakula mphamvu, moti Earl wachitatu anali mmodzi mwa akuluakulu 25 osankhidwa mu 1215 kuonetsetsa kuti Mfumu John ikutsata pangano la Magna Carta.

Zinthu zinasintha mu 1388. Earl wa nambala 9, bwenzi lapamtima la Mfumu Richard II, anaweruzidwa ndi nyumba ya malamulo, nalandidwa zonse, ndipo anakafera kunja kwa dziko. Mu 1393 mfumu inabweza udindowo kwa bambo ake aang'ono, koma ndi lamulo lakuti olowa m'malo azikhala amuna okhaokha a mzere wa bambo.

Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Lamuloli linathandiza kuti udindo usachoke m'banja kudzera mu ukwati wa mwana wamkazi. Earl wa nambala 18 atamwalira wopanda mwana mu 1625, anachita kukatenga wachibale wapatali, Robert, kudzalowa. Koma mwana wa Robert, Aubrey, Earl wa nambala 20, anamwalira mu 1703 osasiya mwana wamwamuna. Mwana wake wamkazi Diana, mkazi wa Duke of St Albans, analipo, koma lamulo silinamulole kulowa. Palibenso mwamuna amene anatsimikizira kuti ndi wa mzerewo, ndipo mpando unatsala wopanda munthu. Lamulo lomwe linausunga ndi lomwenso linautseka.

Mu 1925 nduna yaikulu yakale, H. H. Asquith, anafuna dzina lomweli, koma zidzukulu za banjali zinakana. Anangolandira lakuti Earl of Oxford and Asquith.

Mafunso okambirana m'kalasi:
1. N'chifukwa chiyani Matilda anapereka udindowu pa nthawi ya nkhondo?
2. Lamulo la mu 1393 linapindulira chiyani banjali, nanga linaliwonongera chiyani?
3. Kodi banja la de Vere linathadi mu 1703, poti Diana anabereka ana? Fotokozani.