KUMANGIRIRA SHELEFU KUKHOMA: NJIRA IMODZI YOTETEZERA ANA PANYUMBA

Kwa zaka zambiri alangizi a zaumoyo akhala akuphunzitsa kuti mankhwala a kuchipatala, palafini, mankhwala a makoswe ndiponso mankhwala othira m'chimanga ziyenera kusungidwa pamwamba, posafikira ana. Mabanja ambiri a ku Mvera ndi m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adamvera malangizowa, ndipo lero m'nyumba zambiri muli shelefu kapena kabati yaitali. Zimenezi nzabwino ndithu. Koma shelefu imene yangoyedzamira khoma, kapena yapachikidwa ndi misomali iwiri yokha, ikhoza kuvulaza mwana yemweyo amene makolo adafuna kumteteza.

CHIFUKWA CHAKE SHELEFU IMAGWA

Mwana akayamba kuyenda amayambanso kukwera. Kwa iye matabwa a shelefu ndi makwerero opita ku shuga, wailesi kapena foni ya bambo ake. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu pafupifupi 12, monga mayi aliyense angaonere m'buku la kusikelo. Kulemera kumeneku kukakhala kutsogolo kwa shelefu yaitali ndi yopapatiza, shelefuyo imapendekera kwa mwanayo ndi kumgwera pamutu kapena pachifuwa, pamodzi ndi zonse zimene zili pamenepo.

Vutoli si la kumudzi kokha ai. M'chaka cha 2016 kampani ya mipando ya IKEA idaitanitsa makabati ake okwana 29 miliyoni m'dziko la America, ana angapo atamwalira chifukwa chogweredwa ndi makabatiwo. M'chaka cha 2022 dzikolo lidakhazikitsa lamulo lokakamiza opanga makabati a zovala kuti aziwapanga osagwa msanga.

Ku Mvera kuli chifukwa china chapadera. Mapiri a kumeneku ali m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha Nyanja ya Malawi, kumene nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Akuluakulu amakumbukira chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chidagwetsa nyumba zambiri m'boma loyandikana nalo la Salima. Anthu 9 adamwalira, ndipo zikwi zambiri adasowa pokhala. Zivomezi zina zidachitika ku Karonga mu Disembala 2009. Chivomezi chaching'ono chimene sichingagwetse nyumba chikhoza kugwetsa kabati yosamangirira, ndipo usiku ana amagona pansi, pafupi ndi khoma.

KUYAMBA KWADZIWA KHOMA

Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Khoma lopakidwa pulasitala ndi laimu limaoneka lolimba paliponse, koma pulasitala ndi chikopa chabe, chokhuthala sentimita imodzi kapena awiri. Msomali umene wagwira pulasitala yokha umazuka tsiku lililonse. Mphamvu ili m'chimene chili kuseri kwa pulasitalayo.

Ku Mvera, kumene mishoni idakhazikitsidwa m'dziko la Mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, kuli nyumba za mibadwo yosiyanasiyana. Zina nza njerwa zootcha, zina nza zidina, zina nzomata ndi dothi. Makoma a simenti nawo akuchuluka, makamaka chiyambire chaka cha 2018 pamene Boma lidaletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za Boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo.

Fumbi lotuluka m'bowo limaulula mtundu wa khoma. Fumbi lotuwa ndi la konkire kapena buloko la simenti. Lofiira ndi la njerwa yootcha. Dothi lofewa longoyoyoka ndi la chidina. Chiboolera chikalowa pang'ono nkugwera m'mphako, ndiye kuti buloko lake ndi lobowoka m'kati. Khoma la konkire likakhala latsopano, mwini wake adikire masiku 28 kuti likhwime asanaliboole.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

Msomali wamba suloŵa m'konkire. Umapindika kapena kudumpha nkulasa diso. Pafunika zinthu izi, zimene zimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira ku Lilongwe, ku Salima ndi m'misika ikuluikulu:

1. Mabulaketi awiri kapena kuposerapo. Bulaketi ndi chitsulo chopindika ngati chigongono, chokhala ndi mabowo mbali zonse ziwiri.
2. Mapulagi a pulasitiki a mamilimita 8, pamodzi ndi masikuluwu ake, otalika masentimita 6 kapena 7.
3. Dirilo ndi chiboolera cha konkire cha mamilimita 8. Kumene kulibe magetsi, amisiri ena ali ndi dirilo ya batire. Ena amaboola ndi chitsulo chosongoka ndi nyundo, kumenya pang'onopang'ono ndi kutembenuza chitsulocho akamenya kamodzi.
4. Pensulo, levulo, magalasi oteteza maso ndi nsalu yophimba mphuno ndi pakamwa.

Mphamvu ya pulagi ili apa: sikuluwu ikamalowa, pulagi imatambasuka ndi kukanikiza m'mbali mwa bowo. Nchifukwa chake bowo liyenera kufanana ndendende ndi pulagi. Bowo likakula, pulagi imangozungulira osagwira kanthu.

KAGWIRIDWE KA NTCHITO

Choyamba, kusankha malo. Shelefu isakhale pamwamba pa malo ogona ana, kapena pafupi ndi moto. M'nyumba ya magetsi, mawaya obisika m'khoma kawirikawiri amayenda molunjika kuchokera pa soketi kapena pa swichi kupita kudenga kapena pansi. Mmisiri asaboole pa mzere umenewo, ndipo akakayika athimitse magetsi a nyumba yonse. Wokhala m'nyumba ya lendi ayambe wapempha chilolezo kwa eni nyumba.

Chachiwiri, kulemba zizindikiro. Shelefu yoimirira pansi imamangiriridwa kumutu kwake, bulaketi imodzi kumanja, ina kumanzere, pakuti kugwa kumayambira kumwamba. Shelefu yopachika ya thabwa limodzi imafuna mabulaketi pansi pake, otalikirana masentimita osaposa 60. Zizindikiro zisakhale pafupi ndi ngodya ya khoma, chitseko kapena zenera, chifukwa m'mphepete konkire imabenthuka.

Chachitatu, kuboola. Ana ndi odwala chifuwa atuluke m'chipindamo, pakuti fumbi la konkire limawononga mapapo. Bowo lilowe molunjika, lipitirire pulasitala ndi kuloŵa masentimita 5 m'khoma lenilenilo. Kansalu komangidwa pa chiboolera kamathandiza kudziwa kuya kwake. Chiboolera chikagunda chitsulo cha m'kati mwa konkire, mmisiri asakakamize. Asunthe pang'ono ndi kuboola pena.

Chachinayi, kuchotsa fumbi m'bowo. Ambiri amaiwala zimenezi, chikhalirecho fumbi lotsala limachititsa pulagi kuterereka. Pampu ya njinga imagwira bwino ntchitoyi. Kuuzira ndi pakamwa kumabwezera fumbi m'maso.

Chachisanu, kukhoma pulagi ndi nyundo mpaka yonse italowa, kenaka kuika bulaketi ndi kumanga sikuluwu mpaka italimba. Sikuluwu ikamangozungulira osalimba, bowolo lalephera. Kutsekamo timitengo ta machesi kapena mapepala ndi kudzinamiza. Pafunika kuboola bowo lina.

Chachisanu ndi chimodzi, kumanga bulaketi ku thabwa lolimba la shelefu, osati ku kathabwa kopyapyala ka kumbuyo kwa kabati.

Potsiriza, kuyesa. Munthu wamkulu agwire kumutu kwa shelefu ndi kukoka mwamphamvu, ana ali kutali. Ikasuntha ngakhale pang'ono, ntchito siinathe.

MAKOMA A MITUNDU INA

Pa buloko lobowoka m'kati, bowo lilunjike pamene buloko ndi lodzaza, kapena pakhale pulagi yopangidwira makoma amphako. Pa njerwa yootcha, bowo likhale pakati pa njerwa, osati pa matope olumikiza njerwa, amene m'nyumba zambiri za kumudzi ndi dothi chabe.

Chidina ndi khoma lomata sizigwira pulagi konse. Njira yodalirika ndiyo kuboola khoma mpaka kuseri, kulowetsa bawuti yaitali, ndi kuika thabwa lalikulu kunja kuti mtedza wa bawutiyo ukanikize thabwa, osati dothi. Njira ina ndiyo kuzika mitengo iwiri yolimba pansi pafupi ndi khoma ndi kukhomera shelefu ku mitengoyo. Ziwiri zonsezi zimafuna kuyang'aniridwa chifukwa cha chiswe ndi chinyezi cha dzinja. Safunsa adadya phula: amene akukayika afunse kalipentala kapena mmisiri womanga nyumba.

KAIKIDWE KA KATUNDU

Zolemera zikhale pansi, zopepuka pamwamba. Ndowa ya malita 20 imasenza madzi olemera makilogalamu 20, kotero malo ake ndi pansi. Batire ya sola ndi yolemera ndipo ili ndi asidi. Isaikidwe pa thabwa lopachika. Mankhwala ndi palafini zikhale pamwamba, makamaka m'bokosi lokiya, kutali ndi zakudya, ndipo palafini asathiridwe m'botolo la zakumwa. Shuga, maswiti ndi zidole zisaikidwe pamwamba poonekera, chifukwa ndizo zimaitana mwana kuti akwere. Chaka chilichonse mvula ikatha, komanso pakachitika chivomezi, mwini nyumba ayesenso shelefu yake.

NGOZI IKACHITIKA

Mwana akagweredwa ndi shelefu, katundu achotsedwe pa iye mosamala. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakutha kugwedeza manja ndi miyendo, asanyamulidwe kumsana. Agonekedwe pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi khosi zisakugwedezeka. Bala lotuluka magazi likanikizidwe ndi nsalu yoyera.

Mwana apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ngati wakomoka ngakhale kwa kanthawi, akusanza mobwerezabwereza, akuwodzera mosadzutsika, akuchita khunyu, akupuma movutika, kapena akutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno. Zizindikirozi zikhoza kuoneka patapita maola angapo, kotero mwana ayang'aniridwe tsiku lonse ndi usiku wake. Achipatala cha pafupi akaona kuti vuto ndi lalikulu amatumiza wodwala ku chipatala cha boma, monga cha Dowa, Ntchisi kapena Salima, ngakhalenso ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Ngati mwana wamwa palafini kapena mankhwala amene atayika, asamsanzitse. Palafini akabwerera kukhosi amalowa m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo. Makolo atenge botolo kapena paketi ya chimene wamwacho ndi kukaonetsa achipatala.

Mapulagi ndi masikuluwu anayi ndi ntchito ya m'mawa umodzi sizingafanane ndi mtengo wa ulendo wa usiku wopita kuchipatala ndi mwana wovulala mutu. Kupewa kuposa kuchiza.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA SIKELO

1. Kodi nchifukwa chiyani msomali wogwira pulasitala yokha sukwanira?
2. Kodi shelefu yoimirira pansi imamangiriridwa kumutu kapena kumunsi? Chifukwa ninji?
3. Kodi banja lokhala m'nyumba ya zidina lingamangirire bwanji shelefu yake?
4. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene zimasonyeza kuti mwana wovulala mutu ayenera kupita kuchipatala msanga?