Ukonde wokwezera nsawawa: utalike bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani?

Kwa alimi a timadimba ta kuseri kwa nyumba ndi a minda yothirira mu Gaborone ndi madera ozungulira

Amene mudakulira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Angonia mukudziwa kale kuti nsawawa zimakonda kozizira. Kuno ku Gaborone nyengo yake ndi ya chisanu. Mukadzala pakati pa April ndi June mumakolola dzuwa la September lisanayambe kuotcha maluwa. Vuto limabwera pa zoyangira. Kwathu timangodula nsungwi, bango kapena nthambi n'kuzika m'mizere. Kuno zimenezo n'zosowa, ndipo kamtengo kouma kalikonse kamene mwazika pansi chiswe sichichedwa kukapeza. N'chifukwa chake tikukudziwitsani za ukonde wokwezera mbewu.

Chidacho

Ndi ukonde wa pulasitiki wa maso akuluakulu, a masentimita 10 mpaka 15, umene amagulitsa wokulunga m'masitolo a zipangizo zaulimi. Umafuna mizati yachitsulo kapena ya mitengo yothira mankhwala a chiswe, ndi mawaya awiri, wam'mwamba ndi wam'munsi. Ngati ukondewo simunaupeze, lukani wanu ndi chingwe chopyapyala.

Kupyapyalako n'kofunika. Nyemba zoyanga zimakwera pozunguliza tsinde lonse pamtengo, koma nsawawa sizitero. Zimagwira ndi tingwe topiringizika timene timatuluka kunsonga kwa tsamba, ndipo tingweto sitingazungulire chinthu chonenepa kuposa pensulo. Mukaziikira mzati wonenepa zimangoukhudza n'kugwa. Zikagwa, makoko amagona pa dothi lonyowa n'kuola, mphepo siidutsa, ndipo matenda aja ooneka ngati ufa woyera pamasamba amafala msanga kukayamba kufunda.

Musanagule, dziwani mbewu yanu

Msinkhu wa ukonde umachokera pa paketi ya mbewu. Mtundu wa Sugar Snap umatha kufika mamita awiri. Greenfeast ndi Oregon Sugar Pod zimathera cha pa mita imodzi kapena kucheperapo. Ena amaganiza kuti zazifupizi zapinimbira chifukwa chosowa feteleza, ndiye amawonjezera. Kumeneko n'kutaya ndalama. Yang'anani tsinde pafupi: pali mfundo pamene patuluka tsamba, ndipo pakati pa mfundo ziwiri pali mpata. Nsawawa yayitali ndi yayifupi sizisiyana kwenikweni pa kuchuluka kwa mfundo. Zimasiyana pa kutalika kwa mpatawo, ndipo mpatawo umalamulidwa ndi chibadwa cha mbewu.

Woyamba kulemba bwino za zimenezi anali Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mu 1866. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse adatuluka aatali. Anawo atabereka okha, adawerenga zazitali 787 ndi zazifupi 277, kutanthauza pafupifupi zitatu pa imodzi. Padatha zaka zoposa 130 kuti anthu adziwe chimene chimachitika mkati. Mu 1997 akatswiri adapeza kuti jini imene Mendel ankailondola, yotchedwa Le, imathandiza mbewu kupanga homoni yotchedwa gibberellin, imene imatalikitsa tsinde. Mu nsawawa zazifupi jiniyi idasintha pang'ono, choncho homoniyo imapangika yochepa. Nsawawa zazifupi zimene mumagula m'sitolo zambiri ndi za mtundu umenewu. Sizikudwala ayi, ndi mmene zilili, ndipo zimabereka bwino.

Pali kufupika kwina kumene kudazunguza akatswiri kwa nthawi. Ku University of Tasmania, mumzinda wa Hobart ku Australia, James Reid ndi anzake ankasunga nsawawa zazifupi zimene, ngakhale azipatse gibberellin, sizinkatalika ngati zinzake. Matsinde ake anali onenepa, ouma gwa, osachedwa kuthyoka, masamba obiriwira moderapo. Adazitcha lk, lka ndi lkb. Yankho lidayamba kupezeka mu 1997 momwemo, atagwirizana ndi Takahito Nomura ndi Takao Yokota a ku Japan: vuto linali pa mahomoni a gulu la steroid.

Ambiri amadabwa akamva kuti zomera nazonso zili ndi ma steroid, poti tidazolowera kuwamva pa nkhani za anthu othamanga ndi onyamula zitsulo. Zili nawo, ndipo amatchedwa brassinosteroid. Yoyamba kudziwika, brassinolide, adaipeza akatswiri a unduna wa zaulimi wa ku America mu 1979 mu mungu wa maluwa a rapeseed, mbewu ya banja limodzi ndi repu. Pa matumba ambirimbiri a mungu adangopezamo kanyenyeswa, koma kanyenyeswako n'kokwanira, chifukwa mbewu imafuna kochepa zedi. Ntchito yake ndi kufewetsa makoma a maselo kuti atambasuke m'litali. Ikasowa, maselo amakula cham'mbali, ndiye tsinde limafupika n'kunenepa.

Apa pali kusiyana kumene mlimi aliyense wogula mankhwala opopera ayenera kukumvetsa. Homoni ili ngati mthenga wa mfumu. Mu nsawawa za lk ndi lkb mthengayo sanyamuka n'komwe, chifukwa mbewu imalephera kumaliza kupanga homoniyo. Akatswiri ataipaka brassinolide, idayamba kutalika. Mu lka mthenga amafika ndithu, koma wolandira uthenga ndi gonthi: kachiwalo ka pa selo kolandira homoniyo n'kowonongeka, ndipo ngakhale apake, mbewu siisintha kwenikweni. Mu 2005 gulu la ku Hobart lomwelo lidaonetsanso kuti nsawawa zoterezi zimakhala ndi tinthenya tochepa kumizu, tija timene timakola nayitrojeni wa mumpweya n'kuwonjezera chonde. N'zosadabwitsa kuti mitundu imeneyi idatsalira m'nyumba zofufuzira, simungaipeze m'paketi.

Nanga mankhwala okulitsa mbewu?

Alipo m'masitolo, ena olembedwa gibberellic acid, ena brassinolide. Mu 1955 P. W. Brian ndi H. G. Hemming ku England adaonetsa kuti nsawawa yayifupi ikapatsidwa gibberellin imatalika ngati yayitali. Zimenezo n'zoona, koma taganizirani chimene mwapindula. Mwatalikitsa mpata wa mfundo, osati kuchulukitsa mfundo zotulutsa maluwa. Tsinde lawonda, ukonde wanu wa mita imodzi wachepa, ndipo mbewu imene mudzasunge idzamera yayifupi monga kale, chifukwa mankhwala sasintha chibadwa. Maganizo athu ndi akuti ngati mukufuna nsawawa zazitali, gulani mbewu yazitali. Ndalama ya mankhwalayo igulire waya.

Ndipo wina akakuuzani kuti musungunulire mbewu mapiritsi a kulera kapena jekeseni wa ziweto poti nawonso ndi ma steroid, mukaneni. Amenewo adapangidwira thupi la munthu ndi la nyama, si homoni imene nsawawa imamvera, ndipo simuyenera kuwathira pa chakudya cha ana anu.

Tikabwerera ku za zoyangira, palinso nsawawa zina zimene masamba ake ang'onoang'ono adasanduka tingwe tokhatokha chifukwa cha kusintha kwa jini yotchedwa afila. Adazikonza kwambiri ku John Innes Institute ku England m'zaka za m'ma 1970. Zimagwirana zokhazokha n'kuima, kotero chingwe chimodzi mbali iyi ndi china mbali iyo chimakwana.

Kamangidwe

Mangani musanadzale. Mukadikira kuti mbewu zimere, mudzaponda mizu ndi kuthyola nsonga.

Mzere uloze kumpoto ndi kumwera kuti mbali zonse ziwiri zilandire dzuwa. Zikani mizati motalikana mamita awiri kapena atatu, kuya kwake masentimita 40. Dothi la malo ambiri kuno limauma ngati mwala m'chilimwe, choncho thirani madzi m'dzenje dzulo lake. Kwa mitundu yayitali, mzati utsale mamita 1.8 pamwamba pa nthaka. Kwa yayifupi mita imodzi yakwana. Mizati ya kumapeto muichirikize ndi waya wokokera ku chikhomo, chifukwa mphepo ya August imakankha mpanda wodzaza masamba mwamphamvu, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene makoko alemera.

Kokani waya wam'mwamba mpaka alire mukamukhudza. Wam'munsi akhale masentimita 10 kuchokera pansi. Mangirirani ukonde pa mawaya onse awiri, usalendewere. Dzalani mizere iwiri, umodzi mbali iliyonse, masentimita 10 kuchokera pa ukonde. Njere zitalikirane masentimita 5, kuya masentimita 3 mpaka 5. Ngati muli ndi paipi yodontheza madzi, idutse pansi pa ukonde pakati pa mizere iwiriyo, kuti madzi apite kumizu masamba asanyowe. M'chisanu kuno mvula kulibe ndipo madzi ndi a bilu, ndiye dontho lililonse lipite pamene likufunika.

Mbewu zikafika masentimita 15, zina zimalozera kwina. Zikhotetseni ndi chala mofatsa kuti tingwe tikhudze ukonde, zotsalazo zichita zokha. Nkhunda zimakonda njere zongomera, ndipo apusi a m'tauni muno sasiya makoko, choncho amene muli pafupi ndi mitengo kapena phiri la Kgale konzekerani. Mbewu zazing'ono zimapirira chisanu cha usiku wa June ndi July, koma maluwa ndi timakoko tanthete timapsa. Usiku ukaoneka kuti uzizira kwambiri, ponyani nsalu yopepuka pa waya wam'mwamba kuti iphimbe mbali zonse, m'mawa n'kuchotsa. Za masiku abwino odzalira m'dera lanu funsani alangizi a zaulimi kapena a ku Botswana University of Agriculture and Natural Resources ku Sebele.

Mukatha kukolola

Maluwa a nsawawa amadzibereketsa okha asanatseguke, ndiye mbewu yosunga imafanana ndi kholo lake. Siyani makoko a mbewu zathanzi aumire pa ukonde pomwepo, ndipo lembani dzina ndi msinkhu wake pa botolo losungiramo, kuti chaka chamawa musadzamange mpanda wa mamita awiri pa mbewu ya mita imodzi. Dulani matsinde pansi, mizu itsale m'nthaka. Zotsalira pa ukonde zimachoka mosavuta zikauma. Ukondewo ukulungeni n'kuusunga m'nyumba, chifukwa dzuwa la October limaphwanya pulasitiki, kapena usiyeni pomwepo ngati mukufuna kudzalapo nkhaka m'dzinja.