Kulera ana apachibale ku England popanda kuwalekanitsa

Khonsolo ya ku England ikachotsa ana atatu kapena anayi m'manja mwa makolo awo, mutu umene umawawa a sosholo ndi wakuti anawo agona kuti usiku womwewo. Khomo lokhala ndi chilolezo cholandira onse silipezeka wamba, ndiye chisamba amatengedwa ndi banja lina, mzime ndi linanso. Komatu lamulo silifuna zimenezo. Ndime 22C ya Children Act ya 1989 imati ngati n'kotheka, mwana azikhala pamodzi ndi m'bale wake amene nayenso ali m'manja mwa khonsoloyo. Zimene zimawalekanitsa kawirikawiri ndi kuchepa kwa zipinda, chilolezo cholembedwa mopanikiza, ndi achibale otulukira madzi atafika kale m'khosi. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia okhala kumeneko, nayi njira yoti mutsate. Ya ku England yokha iyi, poti Scotland ili ndi malamulo akeake.

Choyamba, dziwani khomo lolowera. Ngati anawo ndi anu mwa magazi, kapena akukudziwani kale, imbani ku khonsolo tsiku lomwelo, munene kuti mukufuna onse. Malamulo a 2010 amalola khonsolo kupatsa wachibale chilolezo chongoyembekezera cha masabata 16, ndipo ikhoza kuwonjezerapo 8, uku ikumuunika mokwanira. Musadikire kuti banja lonse likhale pansi mpaka malume a ku Lilongwe ayankhe pa WhatsApp. Ana akazolowera makomo osiyana, kuwabwezanso pamodzi kumavuta. Ngati si achibale anu, lembetsani ku khonsolo kapena ku bungwe loima palokha loona za olera ana. Bungwe lotere liyenera kukhala m'kaundula wa Ofsted, nthambi ya boma yoyendera mabungwe otere, ndipo malipoti a Ofsted ali pa intaneti. Awerengeni, kenaka mufunse mosapita m'mbali: chaka chathachi, ndi ana angati apachibale amene munawapezera khomo limodzi?

Pali msampha umene ambiri amagwamo chifukwa cha mtima wabwino. Mukasunga mwana wosakwana zaka 16 kwa masiku 28 kapena kuposerapo mongogwirizana ndi makolo ake, inu musali wachibale wapafupi, lamulo limati mudziwitse khonsolo. Apafupi amene limawawerengera ndi agogo, mchimwene kapena mchemwali wa mwanayo, malume, azakhali, bambo kapena mayi aang'ono ndi aakulu enieni, ndi kholo lomupeza. Msuweni wa mayi ake sali m'gululi, ngakhale mwanayo atamamuitana kuti amayi.

Chachiwiri, dziwani malire a chiwerengero. Khomo limodzi silololedwa kulera ana oposa atatu a m'manja mwa boma. Koma lamulo lomwelo la 1989 limatsegula mpata: ngati ana onsewo ali pachibale wina ndi mnzake, malirewo sagwira ntchito, kaya akhale anayi kaya asanu. Mawu ofunika apa ndi akuti onsewo. Ngati muli kale ndi mwana mmodzi wochokera kubanja lina, ndiye mukufuna kulandira atatu obadwa bere limodzi, pafunika chilolezo chapadera chochokera ku khonsolo ya dera limene mukukhala. Bungwe lanu lichipemphe anawo asanafike.

Chachitatu ndi zipinda, ndipo apa ndi pamene zambiri zimathera. Mfundo za boma za 2011 zimati mwana aliyense woposa zaka zitatu akhale ndi chipinda chake. Kwa ife amene tinakula tikugona anayi pamphasa imodzi, izi zimamveka zachilendo, ndipo ena amangotaya mtima pomwepo. Musatero. Mfundo zomwezo zimalola ana kugona chipinda chimodzi ngati khonsolo yavomereza, ndipo aliyense ali ndi mbali yakeyake m'chipindamo. Asanavomereze amaona zofuna za anawo, komanso ngati wina anachitiridwapo nkhanza kapena amazunza mnzake. Choncho konzani bedi la aliyense ndi posunga zovala zake, ndipo pemphani kuti chigamulocho chilembedwe. Kwa ine, kulekanitsa alongo awiri ogwirizana chifukwa cha khoma limodzi ndi kulephera kwa akuluakulu. Komabe pamene mkulu amapweteka mng'ono wake, wa sosholo akakana musamuone ngati mdani.

Chachinayi, kuunikidwa. Okuunikani adzafuna lipoti la dokotala, anthu awiri okuchitirani umboni, ndi kufufuza ku DBS mbiri ya milandu ya akuluakulu a pakhomo panu. Adzakufunsani za ubwana wanu, banja lanu ndi kapezedwe kanu ka ndalama. Zonse ziyenera kufika ku gulu lounika, fostering panel, pasanathe miyezi 8. Chimene ambiri sachilabadira ndi mawu olembedwa pa chilolezocho: ana angati, a zaka zingati. Chikati mwana mmodzi wa zaka 5 mpaka 10, simudzaganiziridwa pa nkhani ya ana atatu omwe wamng'ono ali kumsana. Pangozi khonsolo ikhoza kukupatsani ana osagwirizana ndi chilolezo chanu, koma kwa masiku 6 okha ogwira ntchito. Nenani kuyambira pachiyambi kuti cholinga chanu ndi ana apachibale. Akafuna kukukanani, muli ndi masiku 28 okadandaula ku Independent Review Mechanism.

Chachisanu, werengani pangano musanasaine. Muli mawu oletsa kumenya mwana, ndipo sasiya mpata wa kambama kapena kaswazi. Ndalama yothandizira kulera imaperekedwa pa mwana aliyense payekha, ndipo wachibale amene wapatsidwa chilolezo naye ayenera kulandira.

Anawo akafika, yang'anirani wamkulu. Nthawi zambiri iyeyo ndiye anali mayi kumene achokerako: amaphika, amasambitsa, amabisa chakudya cha ang'ono ake. Musamulande udindowo tsiku limodzi. Muloleni aone ndi maso ake kuti ang'onowo akudya ndipo akugona bwino, kenaka muzimumasula pang'onopang'ono kuti naye akasewere.

Nanga zikakanika, ana n'kugawidwa ndithu? Nkhani sinathe. Dongosolo la chisamaliro cha mwana aliyense liyenera kunena mmene azionerana ndi abale ake. Dongosololi limaunikidwanso pasanathe masiku 20 ogwira ntchito, kenaka pasanathe miyezi itatu, ndipo pambuyo pake miyezi 6 iliyonse. Wotsogolera misonkhanoyi ndi Independent Reviewing Officer, amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti khonsolo ikuchita zimene inalonjeza. Pamsonkhano uliwonse funsani zifukwa zimene anawagawira komanso ngati zifukwazo zikadalipo. Pemphani masiku enieni okumana, kugonerana kumapeto a sabata, ndi kuimbirana foni. Tengani nambala ya banja limene likulera enawo, poti olera awiri akamvana, ana amaonana kawirikawiri kuposa mmene pepala linalembera. Achibale amene mukuona kuti khonsolo sikukumvani, imbani ku Family Rights Group, uphungu wawo ndi waulere.