Ndinanama kuti m'mimba mukundipweteka



Tchuthi chapitachi ndinanyamuka kwathu ku Kapondo kukacheza kwa amalume ku Lusaka. Ndinadutsa pa chipata cha Mwami, ndikukwera basi ku Chipata, kenako tsiku lonse pa Great East Road, makilomita oposa 550. Mayi anga analowa Chisilamu atakwatiwa ndi bambo, ndiye kwa amalume Msilamu ndinali ndekha.

Anandilandira bwino, ndisaname. Koma masiku atatu oyamba Swala zinandidutsa. Nyumba ndi yaing'ono, pabalaza TV ikulira mpaka usiku, ndipo kungonena kuti "ndipatseniko kamalo ndiswali" kunkandilemera ngati thumba la chimanga. Tsiku lachiwiri anti, akazi a amalume, anaphika nkhumba. Ine ndinati m'mimba mukundipweteka, ndinangodyera repu. M'mawa mwake anti anapita kukandigulira mankhwala a m'mimba ndi ndalama zawo. Ndinamwa. Astaghfirullah.

Mumtima ndinkadziteteza ndi zifukwa ziwiri, ndipo zonse zinali zabodza.

Choyamba ndinkati ndine wapaulendo. Zoonadi Allah anamupeputsira wapaulendo, onani Surat An-Nisaa ndime 101: Dhuhr, Asr ndi Isha amaswali marakaa awiri m'malo mwa anayi, ndipo Sunnah ikumulola kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Koma kumeneko ndi kufupikitsa, si kusiya. Komanso pa madhhab a Imam Shafi'i, amene ambirife timatsata, ukatsimikiza kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, si iwenso wapaulendo. Ine ndinapita kukakhala masabata awiri. Chilolezo chinathera pa siteji ya basi.

Chachiwiri ndinkati ndi manyazi, ndipo hayaa ndi gawo la Imaan. Apa mpamene ambiri timagwa. Tinaleredwa kuti mlendo sasankha ndiwo, mwana sayankha akulu, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma hayaa ndi imene imakuletsa kuchita choipa. Yanga ija inandiletsa Swala ndikundinamitsa, ndiye inali hayaa yanji? Anali mantha basi, mantha oti asuweni andiseka. Mayi Aisha (RA) anawayamikira akazi a Chiansari chifukwa manyazi sankawatsekereza kufunsa za Deen yawo, ngakhale mafunso ovuta kuwatchula pagulu.

Usiku wachitatu ndinakumbuka nkhani imene tinaphunzira ku madrassa, ya Sa'd ibn Abi Waqqas (RA). Mayi ake analumbira kuti sadya kapena kumwa mpaka iye atasiya Chisilamu. Sa'd sanasiye. Koma Surat Luqman ndime 15, imene ikuletsa kumvera makolo pa shirk, ndi yomweyonso imene ikulamula kukhala nawo mwaubwino pa dziko lino. Zonse ziwiri m'ndime imodzi. Nayenso Asmaa bint Abi Bakr (RA), mayi ake atabwera kudzamuona ku Madina asanalowe Chisilamu, Mtumiki (SAW) anamuuza kuti alumikize ubalewo. Tsono ine palibe amene ankandikakamiza kusiya chilichonse. Anthuwo sankadziwa chabe, chifukwa sindinawauze.

M'mawa ndinawapeza amalume panja akumwa tiyi. Ndinakhala pansi.

"Malume, pali kankhani. Ine ndimaswali kasanu pa tsiku, ndipo nkhumba sindidya. M'mimba simunandipweteke, ndinanama. Pepani."

Anandiyang'ana kanthawi. "Iwe, nanga sunakambe bwanji tsiku lomwe unafika? Mwana wa mlongo wanga azigona ndi njala pakhomo panga?"

Amene zinawapweteka ndi anti, ndipo osati chifukwa cha nkhumba. Anati ataona ndikukankha mbale ankaganiza kuti ndikunyansidwa ndi kaphikidwe kawo. Tsiku lonse sanandilankhule bwinobwino, ndipo sindikuwada, ndinawalakwira ndine. Madzulo anandiitana: "Mwanangu, poto uyu ndi wako, muzilowa nsomba ndi nyemba basi." Chipinda cha ana chinakhala moswalira, ndipo ndinabweza Swala zonse zimene zinandidutsa.

Ndinenepo pang'ono apa. Alipo anzathu ena akafika kwa abale amayamba ulaliki pa mphasa ya nsima, iki haraam, icho haraam, mpaka eni nyumba kuopa kutsegula wailesi. Zimenezo sindikugwirizana nazo. Ine ndinangonena zanga, za mbale yanga ndi Swala yanga. Za m'mbale mwawo sindinazikhudze.

Sikuti zonse zinayera. Msuweni wanga mmodzi anapitiriza kunditchula "ba Sheikh" monyodola mpaka tsiku lonyamuka. Komabe ndi yemweyo amene Lachisanu anandiperekeza pa minibasi kukandionetsa mzikiti, ndikundidikira panja mpaka Jumu'ah itatha.

Disembala akufuna ndipitenso, kuli ukwati. Ndawaimbira kale anti, tagwirizana za ndiwo ndi za chipinda. Yatsala nkhani yoti andiika m'gulu la ovina pa phwandolo, ndipo Insha Allah ndiwaimbira amalume Loweruka.