Kodi kalata yolemba pamanja idakali ndi ntchito m'banja?

Funso: Abusa, ine ndi amuna anga timatumizirana mauthenga pa WhatsApp tsiku lililonse. Kodi pali chifukwa choti tizilemberananso makalata achikondi pamanja?

Yankho: Mayi, chifukwa chilipo: kalata imasunga mawu. Uthenga wa pafoni umakwiririka ndi mauthenga ena, ndipo foni ikabedwa umapita nayo limodzi. Kalata imakhala m'Baibulo kapena m'sutikesi zaka zambiri, n'kudzawerengedwanso pa tsiku la mkangano kapena la matenda, pamene pakamwa palemera. Ngakhale mtumwi Paulo, amene ankalembetsa makalata ake kwa ena, monga Tertio amene analemba ya kwa Aroma, ankalemba moni womaliza ndi dzanja lake kuti owerenga atsimikize kuti ndi iyedi. Ena amati chikondi ndi zochita, osati mapepala. N'zoona kuti kalata singalowe m'malo mwa kukhululukirana kapena ndalama ya ndiwo, komatu kukhala pansi n'kusankha mawu mosamala nakonso ndi ntchito ya chikondi. Enanso amadandaula kuti salemba bwino. Amuna anu si aphunzitsi oti akuchongeni. Akufuna kuona dzanja lanu. Yambani ndi zinthu zitatu zimene mumayamikira Mulungu pa moyo wawo, ndipo muwapatse kalatayo muli awiriwiri.