Phunziro: Nzeru Yochokera kwa Mulungu ndi Zilakolako za Dziko, Poyang'ana Nkhalango ya Luwawa

Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti muthe kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimalankhula mumtima mwa munthu ndi liwu lofanana: nzeru yochokera kwa Mulungu ndi zilakolako za dziko. Ngakhale mutakhala kuti simunaphunzirepo za nkhaniyi, musade nkhawa, chifukwa tiyenda pang'onopang'ono. Tiyamba ndi kumasulira mawu, kenaka titsegula Baibulo, ndipo zitsanzo zathu tizitenga ku Luwawa, m'mapiri a Viphya m'boma la Mzimba.

1. Matanthauzo a mawu

Nzeru, imene abale athu olankhula Chitumbuka amaitcha vinjeru, ndi kutha kuona chinthu monga chilili pamaso pa Mulungu, ndi kusankha chochita molingana ndi chimene mwaonacho. Nzeru imasiyana ndi kuchenjera. Kuchenjera ndi luso lopezera chimene munthu akufuna, ndipo ngakhale wakuba amakhala nako. Nzeru imayamba yafunsa ngati chinthucho n'choyenera kuchifuna.

Chilakolako ndi kufuna kwamphamvu kumene kumakoka mtima. Pano pafunika kusamala, chifukwa si kufuna konse kumene kuli tchimo. Kufuna chakudya, nyumba ya malata, banja kapena sukulu ya ana ndi zinthu zabwino, ndipo Mulungu ndiye anatilenga ndi zosowa zimenezi. Kufuna kumasanduka chilakolako choipa kukalanda mpando wa Mulungu mumtima, kufikira munthu n'kulolera kunama, kuwononga kapena kupweteka mnzake kuti chofunacho chitheke msanga.

Mawu akuti dziko ali ndi matanthauzo awiri m'Baibulo. Loyamba ndi chilengedwe chonse, ndicho nthaka, mitengo, madzi ndi anthu, chimene Mulungu amachikonda. Lachiwiri, limene tikuligwiritsa ntchito pano, ndi kaganizidwe ka anthu amene akonza moyo wawo ngati kuti Mulungu kulibe. Pa 1 Yohane 2:15-17 wolemba akuchenjeza za dziko lachiwirili, ndipo akuonetsa kuti limakopa munthu kudzera m'thupi, m'maso ndi m'kudzitama ndi zimene ali nazo.

2. Muyeso wa Yakobo

Pa Yakobo 3:13-18 tikupeza muyeso wosavuta kuugwiritsa ntchito. Yakobo sakuyesa nzeru ndi kuchuluka kwa maphunziro kapena kuthwa kwa pakamwa. Iye akuti tiyang'ane chimene chatsala pamalo pamene nzeruyo yadutsa. Ngati patsala nsanje, mikangano ndi chisokonezo, nzeruyo ndi ya pansi pano, ngakhale mwini wake atalemera nayo. Ngati patsala mtendere, chifundo ndi chilungamo chosayang'ana nkhope, nzeruyo yachokera kumwamba. Sungani muyeso umenewu, chifukwa ndiwo tiyesere zonse zotsatira.

3. Zimene nkhalango ikutiphunzitsa

Nkhalango ya Luwawa ndi gawo la nkhalango yobzala ya Viphya, imene ambiri amangoitchula kuti Chikangawa. Kukula kwa nkhalango yonse ya Viphya ndi mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inali imodzi mwa nkhalango zobzala zazikulu kwambiri mu Africa. Kubzala kwakukulu kunayamba mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu, ndipo cholinga chinali chakuti mitengoyo idzadyetse fakitale yopanga mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, choncho mitengo inasanduka gwero la matabwa. Mtundu wa paini umene unabzalidwa kwambiri kwawo ndi ku Mexico, ndipo umakonda malo okwera ndi ozizira monga a ku Viphya.

Mtengo wa paini umafuna zaka pafupifupi 25 kuti upereke thabwa labwino. Taganizirani ntchito imene ili m'zaka zimenezi. Mbewu imafesedwa ku nazale, mbande imawokedwa nthawi ya mvula, nthambi za m'munsi zimadulidwa kuti thabwa lisadzakhale ndi mfundo zambiri, mitengo ina imapatuliridwa kuti yotsala inenepe, ndipo chaka ndi chaka anthu amalambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Ambiri mwa anthu amene anawoka mbande zoyamba sanagulitsepo thabwa ngakhale limodzi la mitengo imeneyo. Anagwirira ntchito anthu amene anali asanabadwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikuona kuti kudekha kotereku kuli pafupi kwambiri ndi chimene Baibulo limachitcha nzeru.

Tsopano onani mbali inayo. Aliyense amene wayenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Jenda kulowera ku Mzuzu waona mapiri amene kale anali akuda bii ndi paini, koma m'malo ambiri anatsala zitsa ndi milu ya utuchi. Mitengo inadulidwa mofulumira kuposa mmene inkabzalidwira, ndipo moto wa chaka ndi chaka unapsereza yaing'ono imene ikanalowa m'malo. Moto wina umayamba ndi osaka nyama kapena ofula uchi, wina amauyatsa dala anthu amene ali ndi chakukhosi. Mtengo umene wakula zaka 25 macheka a injini amaugwetsa m'mphindi zochepa, ndipo moto wa tsiku limodzi umamaliza ntchito ya m'badwo wathunthu.

Ndisamveke molakwa. Kucheka matabwa si tchimo, ndipo wocheka amene walipira zoyenera, nadula pamalo pamene wapatsidwa, akudya thukuta lake. Denga la tchalitchi ndi mabenchi a sukulu zimachokera m'manja mwake. Cholakwika chimayamba pamene mtima ukuti, "Nditenge lero, za mawa adzaona eni ake." Mtima umenewu ukhoza kukhala mwa wocheka, mwa wogula, mwa woyang'anira amene walandira chiphuphu, ngakhalenso mwa mkulu wa mpingo. Muyeso wa Yakobo ukaikidwa pa phiri la zitsa, yankho lake silivuta.

4. Solomo, mfumu imene inadziwanso matabwa

Pa 1 Mafumu 3 tikuwerenga kuti Solomo ali ku Gibeoni, Mulungu anamulola kupempha chimene akufuna. Iye sanapemphe chuma kapena moyo wautali, koma mtima wotha kuweruza anthu molungama, ndipo Mulungu anakondwera nalo pempholo. Apa nzeru ikuoneka kuti ndi mphatso yopemphedwa, ndiponso kuti imapemphedwa chifukwa cha anthu ena.

Komabe nkhaniyo sikuthera pamenepo. Solomo anapangana ndi Hiramu, mfumu ya ku Turo, kuti alandire mikungudza ya ku Lebanoni, ndipo anasonkhanitsa amuna 30,000 a thangata, amene ankapita kumapiriko 10,000 mwezi uliwonse mosinthana. Nyumba ya Mulungu anaimanga zaka 7, koma nyumba yake ya ufumu inatenga zaka 13. Pambuyo pake anachulukitsa akazi, ndipo mutu 11 ukunena kuti iwo anapotoza mtima wake. Atamwalira, anthu anadandaula kwa mwana wake Rehobowamu za kulemera kwa goli, ndipo ufumu unagawika pawiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chimene chimandiopsa pa nkhaniyi n'chakuti munthu amene anayamba ndi pemphero labwino chotere ndiye anagwa, kusonyeza kuti nzeru ya dzulo siiteteza munthu amene waleka kuipempha lero.

5. Munthu amene anabzala osakolola

Boma la Mzimba lili ndi chitsanzo chake. William Koyi anali mlaliki wa mtundu wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo anafika ku mishoni ya Livingstonia mu 1876. Chifukwa chilankhulo chake chinali chofanana ndi Chingoni, anatumidwa kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, nakhazikika ku Njuyu mu 1882. Kwa zaka zingapo sanaloledwe kutsegula sukulu, koma sanachoke ndipo sanayambane ndi eni dziko. Chilolezo chinabwera mu 1886, chaka chomwecho chimene iye anamwalira. Akhristu oyamba a m'deralo, mmodzi wa iwo Mawelera Tembo, anabatizidwa mu 1890, ndipo mu 1902 Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni, kumene lero kuli chipatala ndi masukulu. Koyi sanaone ubatizowo kapena mishoniyo. Anali ngati wowoka mbande uja, ndipo chimene chinatsala pamalo pamene anadutsa chinali mtendere.

6. Mmene mungayesere chofuna chanu

Anyamata ambiri a ku Mzimba amapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo ulendowu ndi woyenera kuuyesa ndi muyeso wa Yakobo uja. Wina amapita, natumiza ndalama za feteleza ndi fizi, nabwerako kudzamanga. Wina amapita chifukwa mtima wamuwawa poona galimoto ya mnzake, ndipo mapeto ake amakhala mtchona, mkazi ndi ana n'kutsala akudikira foni imene sikulira. Basi imene anakwera ndi imodzi, koma chimene chinawakweza n'chosiyana.

Choncho musanachite chinthu chachikulu, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: kodi chinthuchi ndingachipemphe kwa Mulungu mokweza mawu, akulu a mpingo akumva? Lachiwiri: kodi ndani adzalipire mtengo wake, ine kapena munthu wina amene sindinamufunse, monga mkazi wanga, wantchito wanga kapena mdzukulu amene sanabadwe? Lachitatu: kodi ndikhoza kuchidikira? Chilakolako sichilola funso lachitatuli, ndipo nthawi zambiri mudzachizindikira pamenepo. Pa Yakobo 1:5 pali lonjezo lakuti wosowa nzeru akapempha kwa Mulungu adzapatsidwa popanda kutonzedwa, ndiye mafunsowa muziwafunsa mutagwada.

Tisanakumanenso, werengani Luka 12:13-21, fanizo la munthu wachuma amene anafuna kuphwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu. Muwerenge kuti ndi kangati pamene munthuyo akudzitchula yekha, ndi kangati pamene akutchula mnansi wake, ndipo mulembe zimene mwapeza m'kope lanu.