Njinga yamoto ikamadontha petulo, yambirani pamwamba

Mwezi wathawu ndinagula Honda CG125 ya 2004 kwa bambo wina chakufupi ndi Evington Road kuno ku Leicester, yoti ipite ku Lilongwe mlamu wanga akaiyendetse pa kabaza. Inali itakhala m'garaja zaka ziwiri osayenda. Nditangotsegula tapu ya petulo, pansi panayamba kunyowa. Mwini wake anachita manyazi n'kundichotsera mapaundi 80. Vutolo ndinalithetsa ndi kasingano ka m'kabuleta ndi paipi yatsopano, basi. Ambiri mumathawa njinga yotere, ena mumaigula n'kuikweza m'kontena mmene ililimo. Onse awiri mukutaya ndalama.

Petulo amatsika, sakwera. Pamene mwaona dontho si pamene patuluka mafuta. Itulutseni njingayo panja, injini ikhale yozizira, wosuta aime kutali. Pukutani paliponse pouma, yalani katoni pansi, ndipo ngati muli ndi paudala wa ana muwaze pang'ono m'malo olumikizira, amaonetsa njira imene mafuta adutsa. Yambani ndi thanki, makamaka m'munsi mwake momwe anawotcherera, chifukwa madzi amakhazikika pamenepo n'kudya chitsulo. Penti ikatupa ngati matuza, pali dzimbiri mkati. Kenako tapu, kenako paipi. Ipindeni paipiyo ndi zala: ikakhala youma ngati ndodo kapena ili ndi ming'alu, yatha ntchito.

Tsopano tsekani tapu. Kudontha kukapitirira, vuto lili ku thanki kapena pa tapu yomweyo. Kukasiya pakapita kanthawi, pitani ku kabuleta.

Pansi pa kabuleta pali kambale kosunga petulo. M'kati mwake muli fuloti, yomwe imayandama n'kukankha kasingano kotseka mafuta akadzaza, ngati mmene thanki ya chimbudzi chamadzi imachitira. Kachitsotso kakalowa pa singanoyo, kapena nsonga yake ya labala ikadyeka, mafuta sasiya kulowa ndipo amatulukira pa kapaipi ka pansi kaja. Gogodani kambaleko mopepuka ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kukasiya, singano inangokakamira, komabe mutsegule muyeretse chifukwa zidzabweranso pa msewu wa M1 mlamu atanyamula munthu. Kukanyowa m'mbali mwa kambale, ndi gasiketi. Fulotiyo muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva madzimadzi mkati, yabooka.

Chinthu chimodzi chimene anthu amaiwala: nunkhizani oyilo. Kabuleta ikasefukira kwa masiku, petulo amatha kutsikira mu injini n'kusungunula oyilo. Akamanunkha petulo kapena wachuluka kuposa mzere, sinthani musanalize.

Pomasula, zomangira za njinga za ku Japan ndi za mtundu wa JIS. Sikuludiraiva wamba ya Phillips imaterereka n'kufafaniza mutu, ine ndinaonongapo ziwiri ndisanadziwe. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse. Njinga imene imalira pa choko pokha, mukabweza choko n'kuzima, kawirikawiri ndi jeti yaing'ono yatsekeka ndi phula la petulo wakale. Ithireni mankhwala otsukira kabuleta, muipemerere mpweya, muiyang'ane padzuwa kuti kabowo kaoneke. Chonde musapisemo waya wachitsulo, bowo likakula njinga imamwa mafuta moyo wake wonse. Sikulu yosakanizira mpweya ndi mafuta muimange pang'onopang'ono mpaka igunde, mukuwerenga mwazungulira kangati, kuti mudzaibwezere pomwepo. Za makabuleta otchipa a pa intaneti, maganizo anga ndi akuti Keihin yoyambirira yotsukidwa bwino imaposa.

N'chifukwa chiyani njinga zokhala zimavuta chonchi? Kuyambira September 2021 petulo wamba kuno ndi E10, wokhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaononga labala yakale njinga ikangoima miyezi. E5 akadalipo pa mpope wa super, wodulirapo. Musaganize kuti kumudzi mwathawa vutoli, chifukwa ku Malawi akhala akusakaniza ethanol mu petulo kuchokera 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba. Ndiye paipi imene mukugula ikhale yolembedwa kuti imapirira ethanol.

Tsiku lokweza m'kontena, otumiza katundu amafuna thanki yopanda mafuta, koma kambale ka kabuleta ambiri amakasiya kodzaza. Masabata a panyanja, kuphatikiza kudikira ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndi okwanira kuti petulo wotsalayo aume n'kutseka jeti. Masulani sikulu ya pansi pa kambale, atuluke yense. Ine ndimamangirira kajumbo pansi pa mpando muli singano, gasiketi, fyuluta yaing'ono ndi paipi ya mita imodzi, kuti makaniko wa ku Biwi asamazungulire tauni.

Musanapite kukaona njinga funsani ngati ili ndi kabuleta. Honda CBF125 yogulitsidwa kuno ndi ya injekishoni, mafuta ake amakankhidwa ndi pampu, ndiye zogogoda kambale sizigwira. Amene mwatumizapo za injekishoni kumudzi, tiuzeni mmene amakaniko akuzionera.